Kodi Luther Anachotsa Mabuku m'Baibulo? Nanga a Lutheran Amakanganirana Chiyani?

Funso: Ndine mkulu wa mpingo wa Lutheran kuno ku Lilongwe. Alamu anga ndi Akatolika, ndipo tikamacheza amakonda kundinyogodola kuti Martin Luther anadula mabuku asanu ndi awiri m'Baibulo chifukwa ankatsutsa chiphunzitso chake, ndiponso kuti kalata ya Yakobo anaitcha ya udzu. Ine ndinakula ndikuphunzitsidwa kuti Baibulo lonse ndi Mawu a Mulungu, mabuku 66 osachotserapo. Tsopano ndamvanso kuti a Lutheran eniakewo sagwirizana pa za ulamuliro wa Baibulo. Zoona zake ndi ziti?

Yankho: Bambo, alamu anuwo nkhaniyi sanaipeke, kungoti akuidula pakati. Mawu akuti "kalata ya udzu" Luther analembadi, ndipo anasindikizidwa mu 1522. Koma zoti anadula mabuku, apo ndiye ayi. Baibulo lachijeremani limene iye ndi anzake anatulutsa mu 1534 linali ndi mabuku ambiri kuposa Buku Lopatulika limene ambiri timapita nalo kutchalitchi. Tobiti analimo, Yuditi analimo, Amakabeo analimo. Ndipo pali china chimene mwina chikudabwitseni koposa. M'mabuku a chivomerezo cha mpingo wanu, aja abusa amalonjeza kuwatsata tsiku lowadzoza, mulibe tsamba lotchula mabuku a m'Baibulo limodzilimodzi. A Presbyterian mndandanda wotero ali nawo, a Anglican ali nawo, Akatolika ali ndi wawo wa mabuku 73. A Lutheran alibe. Ine sindikhulupirira kuti anangoiwala, ndipo mikangano mwamvayo mizu yake ili pomwepa.

Tiyambe ndi mabuku asanu ndi awiri aja. Ayuda anasunga mabuku awo opatulika m'Chihebri, ndipo tikawawerenga mwa kawerengedwe kathu amakwana 39. Koma Akhristu oyambirira ambiri Chihebri sankachidziwa. Ankawerenga Chipangano Chakale m'Chigriki, ndipo m'mabuku achigrikiwo munalowanso ena amene Ayuda sanawalandire: Tobiti, Yuditi, Nzeru za Solomoni, buku la Yesu mwana wa Sira, Baruki, mabuku awiri a Amakabeo, kuphatikizapo zigawo zowonjezera pa Estere ndi Danieli. Jerome, amene anamasulira Baibulo m'Chilatini cha m'ma 400, anati mabuku amenewa mpingo uziwawerenga kuti anthu alimbikitsidwe, koma usamakhazikitsirepo chiphunzitso. Augustine, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anawalandira onse pamodzi ndi ena aja, ndipo misonkhano ya maepiskopi ya ku Hippo mu 393, ya ku Carthage mu 397, ngakhalenso wa ku Florence mu 1442, inatsata iyeyo. Komabe maganizo a Jerome sanafe. Zaka zoposa chikwi akatswiri a mpingo ankawabwereza popanda wowaimba mlandu. Ngakhale Kadinala Cajetan, amene Papa anamutuma kukafunsa Luther mlandu ku Augsburg mu 1518, analemba pambuyo pake kuti pa nkhani ya mabukuwa tiyenera kutsata Jerome.

Luther nkhaniyi inamupeza pa mtsutso wa ku Leipzig mu 1519. Mnzake wotsutsana naye, Johann Eck, pofuna kutsimikiza za Purigatoriyo, malo amene Akatolika amati mizimu ya akufa imayeretsedwerako, anatsegula 2 Amakabeo 12, pamene Yudasi Makabeo akusonkhetsa ndalama zoperekera nsembe chifukwa cha asilikali amene anafa ali ndi tchimo. Luther anayankha kuti bukulo silili m'gulu la mabuku otsimikizira chiphunzitso, natchula Jerome. Apa alamu anu ali ndi mfundo, musawakanize: chiphunzitso ndi chimene chinautsa funsoli. Pakanapanda Purigatoriyo ndi mapemphero opempherera akufa, mwina Luther sakanavutika nalo. Eck anamupanikizanso mpaka anavomera poyera kuti misonkhano ya maepiskopi ikhoza kulakwa. Munthu akanena zimenezo, sangathenso kunena kuti buku ndi lopatulika chifukwa msonkhano wakutiwakuti unatero. Ayenera kupeza maziko ena.

Mu Baibulo la 1534 mabukuwo anawasonkhanitsa pamodzi nawaika pakati pa Chipangano Chakale ndi Chatsopano, ndi mutu wakuti ndi Apokirifa, mabuku osalingana ndi Malemba Oyera koma opindulitsa ndi abwino kuwawerenga. Anawalembera mawu otsogolera. Buku la mwana wa Sira analiyamikira kuti ndi lothandiza munthu wamba pa moyo wa pakhomo. Za 1 Amakabeo ananena kuti likanayenera kuwerengedwa pamodzi ndi mabuku opatulika, pomwe 2 Amakabeo anati anachita bwino kulisiya kunja. Tsono taonani izi. Buku la Estere Luther sankalikonda m'pang'ono pomwe, ndipo pocheza ndi ophunzira ake patebulo anafika ponena kuti bwenzi kulibe. Koma Estere anakhalabe m'Chipangano Chakale, 1 Amakabeo wokondedwa uja n'kukhala kunja. Akanakhala kuti akungosankha zomukomera, zikanatembenuzika. Muyeso umene anatsata unali mndandanda wa Ayuda, monga Jerome. Luther anamwalira pa 18 February 1546. Pa 8 April chaka chomwecho msonkhano wa maepiskopi a Katolika wa ku Trent unalamula kuti mabuku onse aja ndi opatulika mofanana, n'kutemberera aliyense wokana. Kuyambira pamenepo njira ziwiri zimene zinkayendera limodzi mu mpingo umodzi zinasanduka malire a mipingo.

Nkhani yovuta kwa inu a Lutheran si imeneyi ayi. Ndi ya Chipangano Chatsopano.

Atabisidwa m'linga la Wartburg, Luther anamasulira Chipangano Chatsopano pa masabata pafupifupi 11, ndipo chinatuluka mu September 1522. Patsamba la zam'katimu anaika manambala kuyambira 1 mpaka 23. Kenako anasiya mpata, m'munsi mwake n'kulemba mabuku anayi opanda nambala: Ahebri, Yakobo, Yuda ndi Chivumbulutso. Zifukwa anazilemba poyera. Pa Ahebri analoza 2:3, pamene wolembayo akudziika m'gulu la anthu amene anamva uthenga kwa ena, ndiye sangakhale Paulo. Zinamuvutanso kuti mutu 6 ndi mutu 10 zikumveka ngati zikutsekera khomo munthu wogwa atakhulupirira kale. Yuda anamuona ngati chidule cha 2 Petro, komanso akutchula mawu a Enoki amene m'Chipangano Chakale mulibe. Za Chivumbulutso anati mzimu wake sukhazikika m'bukulo, ndipo sapezamo Khristu akuphunzitsidwa momveka.

Yakobo ndiye anamulemba kawiri. M'mawu otsogolera Chipangano chonse, Luther ankalangiza munthu wamba, amene kwa nthawi yoyamba wagwira Malemba m'chinenero chake, kuti ayambire pati. Anati Uthenga wa Yohane, kalata yoyamba ya Yohane, Aroma, Agalatiya, Aefeso ndi 1 Petro ndiwo mabuku okuonetsa Khristu, ndipo poyerekeza ndi amenewa Yakobo ndi kalata ya udzu. Fanizolo limakumbutsa 1 Akorinto 3:12, pamene ena amamanga ndi golide, ena ndi mitengo ndi udzu, pa maziko amodzi omwewo. M'mawu otsogolera Yakobo weniweniyo anayamba ndi kuliyamikira kuti ndi buku labwino lolalikira lamulo la Mulungu mwamphamvu, kenako n'kunena kuti sakhulupirira kuti linalembedwa ndi mtumwi. Yakobo 2:24 akuti munthu amayesedwa wolungama ndi ntchito, osati ndi chikhulupiriro chokha, pamene Aroma 3:28 akuti ndi chikhulupiriro popanda ntchito za lamulo. Kuwonjezera apo, m'kalata yonseyo mulibe za imfa ndi kuuka kwa Yesu. Ndipo pamenepa ndi pamene analemba chiganizo chimene a Lutheran akhala akulimbana nacho zaka 500: chimene sichiphunzitsa Khristu si cha atumwi, ngakhale achiphunzitse Petro kapena Paulo, ndipo chimene chilalikira Khristu ndi cha atumwi, ngakhale achinene Yudasi, Anasi, Pilato kapena Herode.

Mawu a udzu aja anawachotsa m'Mabaibulo otuluka pambuyo pake, ndipo mawu otsogolera Chivumbulutso anawalembanso mofatsa mu 1530. Mu Katekisimu Wamkulu wa 1529, pofotokoza Amen wa Pemphero la Ambuye, akutchula Yakobo 1 ngati Malemba, osaikapo chenjezo lililonse. Koma kukayika kwake sikunathe, ndipo mabuku anayiwo sanawabwezere pamalo pake. Mpaka lero mukatsegula Baibulo la Luther la ku Germany, ngakhale lokonzedwanso mu 2017, mupeza Ahebri ndi Yakobo ali kumapeto, pambuyo pa makalata a Yohane.

Ine kuona kwanga, pa Yakobo Luther anaphonya, ndipo anzake omwe anamuuza. Andreas Karlstadt, mphunzitsi mnzake pa yunivesite ya Wittenberg, analemba kabuku mu 1520 kodandaula kuti munthu asanyoze kalata imene mpingo wakale unailandira chifukwa choti iyeyo siikumukomera. Philipp Melanchthon, poteteza mu 1531 Chivomerezo cha Augsburg, chikalata chofotokoza chikhulupiriro cha a Lutheran, sanamutaye Yakobo. Anafotokoza kuti Yakobo akudzudzula chikhulupiriro chakufa, chapakamwa, chimene ngakhale ziwanda zili nacho, pomwe Paulo akunena za mtima wodalira Khristu, umene sungakhale osabala zipatso. Kufotokoza kumeneku ndi kumene kunalowa m'mabuku a chivomerezo, ndipo ndi kumene abusa anu amaphunzitsa. Luther anali pankhondo, adani ake ankamulasa ndi Yakobo 2 tsiku ndi tsiku, ndiye anafika podana ndi muvi womwewo.

Munthu amene anaikonza nkhaniyi bwino ndi Martin Chemnitz, wa m'badwo wotsatira, m'buku lake lalikulu lofufuza zigamulo za ku Trent, lotuluka pakati pa 1565 ndi 1573. Iye sanatsamire pa zimene mtima wa munthu ukumva powerenga. Anabwerera kwa Eusebius, wolemba mbiri ya mpingo wa m'zaka za m'ma 300, amene anasiyanitsa mabuku ovomerezedwa ndi mipingo yonse ndi mabuku amene ena ankawakayikira. Chemnitz anawerenga okayikiridwawo kukhala asanu ndi awiri: Ahebri, Yakobo, 2 Petro, 2 Yohane, 3 Yohane, Yuda ndi Chivumbulutso. Mfundo yake inali yakuti mpingo supanga buku kukhala Mawu a Mulungu. Umangochitira umboni kuti bukuli tinalilandira kwa atumwi. Zili ngati mlandu wa malire a munda kubwalo la amfumu: ngati agogo amene analipo pogawa mundawo ankasiyana mawu pa za chulu chakutichakuti, adzukulu sangakhale pansi n'kuvota kuti agogowo ankagwirizana. Trent, kwa Chemnitz, anachita zimenezo. Choncho anapereka lamulo losavuta: mabuku okayikiridwawo awerengedwe ndi kulalikidwa, koma chiphunzitso chisamangidwe pa iwo okha popanda umboni wa mabuku osakayikitsa, ndipo malo ovuta m'menemo amasuliridwe motsata malo omveka a m'mabuku enawo.

Chemnitz yemweyu anali mmodzi mwa olemba Formula of Concord mu 1577, imene inalowa mu Buku la Concord la 1580, losonkhanitsa mabuku a chivomerezo aja a Lutheran. M'menemo akuti zolemba za aneneri ndi atumwi za Chipangano Chakale ndi Chatsopano ndizo muyeso wokhawo woyesera aphunzitsi onse ndi ziphunzitso zonse. Basi. Mayina a mabuku mulibe, nambala mulibe. Anthuwa ankadziwa bwino kuti Trent watulutsa mndandanda, ndipo a Reformed, Aprotestanti otsata John Calvin, atulutsa wawo mu Chivomerezo cha Belgic cha 1561. Iwo anasiya. M'buku lomwelo Melanchthon akukambirana za Tobiti 4 pa nkhani ya zachifundo ndi 2 Amakabeo 15 pa nkhani ya oyera mtima otipempherera, ndipo sakuyankha mwachidule kuti mabukuwo si Baibulo. Akungofotokoza tanthauzo lake.

Patapita nthawi kusiyanitsa kuja kunazilala. Johann Gerhard, wa ku Jena, m'zaka za m'ma 1600 anangoti ndi mabuku opatulika a gulu loyamba ndi a gulu lachiwiri, ndipo anati chokayikitsa ndi dzina la munthu wolemba, osati Mzimu amene anamuuzira. Komabe khomolo silinatsekedwe. Mu 1856 C. F. W. Walther, mtsogoleri wa Sinodi ya Missouri ku America, munthu wosalola chibwana pa chiphunzitso, analemba kuti mbusa wokayikira Chivumbulutso asatchedwe mphunzitsi wonyenga chifukwa cha chimenecho chokha, ngakhale iye mwini ankalilandira bukulo.

Nanga Apokirifa anasowa bwanji, ngati Luther anawasiyamo? Amene anawatulutsa ndi ena. Chivomerezo cha Westminster cha m'ma 1640, chimene a Presbyterian amatsata, chinati mabukuwa alibe ulamuliro uliwonse mu mpingo kuposa zolemba zina za anthu. Kenako mu 1826 bungwe la British and Foreign Bible Society, atalipanikiza kwambiri anthu a ku Scotland, linagamula kuti ndalama zake zisasindikizirenso Apokirifa. Mabaibulo ambiri a amishoni mu Africa anadzera njira imeneyo. Buku Lopatulika la 1922, limene ntchito yake anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, linabadwira m'nyumba ya a Reformed ndi a Presbyterian, ndiye n'zosadabwitsa kuti lili ndi mabuku 66, ndipo Ahebri ali pambuyo pa Filemoni. A Lutheran a ku America nawo, atasiya Chijeremani n'kuyamba kupemphera m'Chingelezi, anatenga Mabaibulo achingelezi amene analipo, opanda Apokirifa, ndipo amishoni awo pobwera kuno anali atawaiwala kale. Akatolika anatulutsa Malembo Oyera mu 1966. Buku Loyera la 1998 linamasuliridwa ndi Akatolika ndi Aprotestanti pamodzi, ndipo mmodzi mwa alangizi a ntchitoyo anali Ernst Wendland, mphunzitsi wa ku seminale ya Lutheran ku Lusaka.

Tsopano gawo lachiwiri la funso lanu, la ulamuliro. Chiganizo chija chakuti "chimene chilalikira Khristu" chikhoza kumveka pawiri. Wina anganene kuti Baibulo lonse ndi Mawu a Mulungu, ndipo Khristu ndiye mtima wake umene umatithandiza kumvetsa zina zonse. Wina anganene kuti m'Baibulo muli Mawu a Mulungu, ndipo timawazindikira pamene Khristu akulalikidwa, zinazo ndi mawu a anthu a nthawi yawo. Mikangano ya a Lutheran kuyambira m'ma 1700 yakhala pakati pa ziganizo ziwirizi.

Akatswiri a m'ma 1600 anaima pa choyambacho mwamphamvu. Johann Andreas Quenstedt wa ku Wittenberg analemba mu 1685 kuti aneneri ndi atumwi anali ngati dzanja ndi cholembera cha Mzimu Woyera, ndipo m'Malemba mulibe cholakwa ngakhale chaching'ono, kaya pa chiphunzitso, pa mbiri, pa zaka, pa malo kapena pa mayina. Pasanathe zaka 100, Johann Salomo Semler wa ku Halle, wa Lutheran nayenso, anatulutsa mabuku anayi pakati pa 1771 ndi 1775 onena kuti mndandanda wa mabuku opatulika ufufuzidwe momasuka ngati nkhani ina iliyonse ya mbiri. Anati Malemba ndi Mawu a Mulungu si chinthu chimodzi, ndipo anafunsa kuti Mkhristu amapindula chiyani ndi buku ngati Estere. Kuchokera pamenepo mayunivesite a ku Germany anayamba kufufuza Baibulo monga amafufuzira zolemba zina zakale: analemba ndani, liti, anatenga kuti. Zambiri zimene anapeza ndi zothandiza, ndipo ngakhale owatsutsa amazigwiritsa ntchito. Koma ena anapita patali. Rudolf Bultmann wa ku Marburg ananena mu 1941 kuti munthu wogwiritsa ntchito magetsi ndi wailesi sangakhulupirirenso za mizimu ndi zozizwitsa za m'Chipangano Chatsopano, ndiye uthengawo uvulidwe chovala chakalecho. (Akanafika kuno akanaona anthu a foni ziwiriziwiri akuchezera kuphiri usiku wonse kupemphera kuti mizimu yoipa iwachoke. Ankanena za anthu a ku yunivesite kwawo, n'kumayesa kuti ndi anthu onse.) Chofunika kudziwa n'chakuti Bultmann ankadziona ngati mwana weniweni wa Luther: monga sitidalira ntchito zathu kuti tipulumuke, tisadalirenso umboni wa mbiri kuti tikhulupirire. Wophunzira wake Ernst Käsemann ananena mu 1951 kuti Chipangano Chatsopano pachokha sichibala umodzi wa mpingo koma kuchuluka kwa mipingo, popeza aliyense amapezamo pogwira, choncho pafunika muyeso m'kati mwa muyeso, umene ndi uthenga wakuti Mulungu amalungamitsa wochimwa. Akhristu wamba ambiri ku Germany anakwiya, ndipo mu 1966 anasonkhana ku Dortmund pansi pa mawu a Agalatiya 1 akuti palibe Uthenga Wabwino wina.

Kumene zinaphulika kwambiri ndi ku St. Louis ku America, pa seminale ya Concordia ya Sinodi ya Missouri, imene inali imodzi mwa maseminale akuluakulu a Lutheran m'dzikolo. Mu 1969 John Tietjen anakhala mkulu wa seminaleyo, ndipo chaka chomwecho sinodi inasankha J. A. O. Preus kukhala mtsogoleri wake. Preus anatuma anthu kukafufuza zimene aphunzitsi akuphunzitsa. Mafunso anali otere: kodi Adamu ndi Hava anali anthu enieni? Kodi Yona anamezedwadi ndi chinsomba? Kodi buku lonse la Yesaya analemba ndi munthu mmodzi? Aphunzitsi ambiri ankavomereza kuti Yesu anafa nauka, ankavomerezanso Buku la Concord, koma ankati mafunso enawo munthu akhoza kuwayankha mosiyana osawononga Uthenga Wabwino. A mbali ya Preus anati kumeneko ndi kufinya Baibulo mpaka kutsale Uthenga wokha, ndipo amene wakayikira Yona lero adzakayikira manda opanda kanthu mawa, popeza Yesu mwini pa Mateyu 12:40 anazilumikiza ziwirizi. Msonkhano wa sinodi wa ku New Orleans mu 1973 unatsutsa aphunzitsiwo. Mu January 1974 Tietjen anaimitsidwa ntchito, ndipo pa 19 February aphunzitsi 45 mwa 50, pamodzi ndi ophunzira ambiri, anatuluka pa sukulupo n'kukayambitsa seminale yawo imene anaitcha Seminex, kutanthauza seminale ya ku ukapolo. Mipingo pafupifupi 250 inachoka mu sinodi, ndipo gulu limeneli linathandiza kubadwa kwa Evangelical Lutheran Church in America mu 1988.

Mbali zonse ziwiri zinanyamula Luther. A Seminex ankakumbutsa kuti mu 1535 analemba kuti adani akagwiritsa ntchito Malemba kutsutsa Khristu, ife tigwiritsa ntchito Khristu kutsutsa Malembawo, ndiponso kuti anatcha Chipangano Chakale nsalu ndi chodyera cha ziweto m'mene Khristu wagonamo. A mbali ya Preus ankakumbutsa za mlandu wake wa ku Worms mu 1521, pamene anati chikumbumtima chake ndi kapolo wa Mawu a Mulungu, ndi za ku Marburg mu 1529, pamene analemba ndi choko patebulo kuti "Ili ndi thupi langa", n'kukana kusuntha ngakhale Zwingli, mtsogoleri wa Aprotestanti wa ku Switzerland amene ankatsutsana naye pa za Mgonero wa Ambuye, anabwera ndi nzeru zotani. Onse sananame. Luther anali munthu womasuka pofunsa ngati buku lakutilakuti ndi la atumwi, koma buku limene walivomera kuti ndi Malemba, liwu lake lililonse ankaligwira ngati moyo.

Simunatchule kuti muli mu mpingo uti wa Lutheran, koma nkhaniyi ikukukhudzani mulimonse. Lutheran Church of Central Africa inayamba ndi amishoni a Sinodi ya Wisconsin, ku Zambia mu 1953 ndi ku Malawi mu 1963. Sinodi imeneyi imaphunzitsa kuti Baibulo ndi louziridwa liwu lililonse ndipo sililakwa, ndipo inali itasiyana kale ndi Missouri mu 1961 poona kuti anzawowo ayamba kulekerera. Evangelical Lutheran Church in Malawi inayamba mu 1982 kudzera mwa anthu amene anaudziwa mpingowu ku Tanzania, ndipo ili mu Lutheran World Federation, m'mene muli mipingo ya maganizo osiyanasiyana. Koma musafulumire kuganiza kuti kukhala m'bungwelo ndiye kutsata Ulaya pa zonse. Mipingo iwiri ya m'bungwelo, wa ku Sweden ndi Evangelical Lutheran Church in America uja, itasintha malamulo ake pa za amuna kapena akazi okhaokha okwatirana mu 2009, maepiskopi a ku Tanzania anakana poyera ku Dodoma mu 2010, ndipo mpingo wa Mekane Yesus wa ku Ethiopia unadula ubale ndi mipingo iwiriyo mu 2013. Chifukwa chimene anapereka chinali ulamuliro wa Malemba.

Mukandifunsa pamene ine ndaima, ndinganene kuti muyeso wa Khristu uja ndi wothandiza powerenga, koma ndi woopsa ukasanduka chosankhira mavesi. Vuto lake ndi lakuti Khristu amene tikuyesera nayeyo timamudziwa kudzera m'Malemba omwewo. Munthu akayamba kutaya malo amene sakugwirizana ndi Khristu wa m'mutu mwake, posakhalitsa Khristuyo amayamba kufanana ndi mwini mutuyo. Bultmann anatsala ndi Yesu wogwirizana ndi mphunzitsi wa ku Marburg. Koma mbali inayo ilinso ndi dzenje lake, ndipo kuno kwathu ndi limene timagweramo kawirikawiri. Tikati vesi lililonse ndi Mawu a Mulungu, ena amamva kuti mavesi onse amalemera mofanana ndipo lililonse likulankhula kwa iwo mwachindunji. Ndiye mlaliki amatenga Malaki 3:10, kapena malamulo a zakudya a mu Levitiko, n'kuwasenzetsa anthu ngati njira ya chipulumutso, mtanda osautchula n'komwe. Luther ankati sikokwanira kufunsa ngati awa ndi Mawu a Mulungu, tifunsenso kuti akulankhula kwa yani. Apa lamulo la Chemnitz likugwirabe ntchito. Zaka 1,000 za pa Chivumbulutso 20 sizipezeka m'buku lina lililonse la Chipangano Chatsopano, n'chifukwa chake a Lutheran samangapo chiphunzitso, ndipo Chivomerezo cha Augsburg mutu 17 chimakana zoti oyera mtima adzalamulira dziko akufa asanauke. Wina akabwera ndi 666 n'kumaloza chiphaso, katemera kapena mtsogoleri wakutiwakuti, mkulu wa mpingo wa Lutheran ali ndi poyambira: tionetse zimenezo mu Mauthenga Abwino kapena mwa Paulo.

Apokirifa musawaope. Buku Loyera limapezekanso lokhala ndi mabukuwa, ndipo ofalitsa mabuku a Sinodi ya Missouri, amene palibe angawanene kuti ndi olekerera, anawatulutsa m'Chingelezi ndi ndemanga zawo mu 2012. Yambani ndi 1 Amakabeo mutu 1 mpaka 4. Mupezamo m'mene mfumu Antiochus anadetsera Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu mu 167 Yesu asanabadwe, ndi m'mene Ayuda anaiyeretsera patapita zaka zitatu. Chikondwerero chimene Yesu akupezekapo pa Yohane 10:22, nyengo yozizira ija, chinayambira pamenepo, ndipo m'mabuku 39 aja simudzapeza chiyambi chake. Kenako werengani 2 Amakabeo 7, za mayi ndi ana ake aamuna asanu ndi awiri amene anasankha kuphedwa poyembekeza kuuka, mukatero mutsegule Ahebri 11:35, pamene akunena za ozunzidwa amene anakana kumasulidwa kuti akalandire kuuka koposa. Mutu 12 wa Purigatoriyo uja muuwerengenso nokha, muone zimene ukunena ndi zimene sukunena: muli nsembe ndi pemphero chifukwa cha asilikali amene anawapeza ndi zithumwa za mafano m'zovala, koma malo oyeretserako mizimu sakutchulidwa.